Chigayo chofunsa khadi

Taganizani kuti pa Lirangwe pali chigayo chimodzi chokha, chodalira midzi yonse yozungulira. Tsiku lina mwini chigayo n'kulengeza kuti banja lakutilakuti, chifukwa cha mapempheredwe ake, lizilipira kawiri, lizigayitsa anthu onse akatha, ndipo masiku ena lizibwezedwa chimanga chili pamutu. Sanamenye munthu. Koma inu mukudziwa kuti pakhomo popanda ufa sipakhalika. Zaka zikamapita, ena a m'banjamo adzasiya chipembedzo chawo kuti ana adye, ena adzasamuka, otsalawo adzakhala mwamantha. Chizunzo cha kagulu kochepa ka chipembedzo chimayamba chotere, ndipo ndodo zimadza pambuyo.

Kuno kwathu tinaziona ndi maso. Akuluakulu a ku Chileka, Lunzu ndi Lirangwe akukumbukira nthawi ya khadi la Malawi Congress Party, pamene ayufi ankaima polowera mumsika ndi pokwerera basi, wopanda khadi osadutsa. Mboni za Yehova zinakana kuligula, pakuti chikhulupiriro chawo sichilola kulowa ndale. Msonkho wa boma ankakhoma. Chimene ankakana ndi khadi basi. Mu 1967 boma la Dr Kamuzu Banda linaletsa gulu lawo. Mu 1972 msonkhano waukulu wa chipani ku Zomba unagwirizana kuti Mboni zichotsedwe ntchito ndi kupirikitsidwa m'midzi. Nyumba ndi nkhokwe zinatenthedwa, anthu anamenyedwa, amayi anagwiriridwa, ena anaphedwa. Anthu zikwizikwi anathawira ku Sinda Misale m'dziko la Zambia, kenako ku Mlangeni m'dziko la Mozambique. Atabwezedwa mu 1975, ambiri anatsekeredwa ku Dzaleka m'boma la Dowa, malo omwewo amene lero tikusungirako othawa kwawo ochokera m'mayiko ena. Chiletsocho chinachotsedwa pa 12 Ogasiti 1993.

Zimenezo zinali zaka 26, ndipo mabala ake sanapole mpaka pano. Tsono taganizani za anthu amene anaima kumapeto kwa mzere wa chigayo zaka zoposa 1,200.

Anthuwo ndi otsatira chipembedzo cha Zarathustra, mneneri wakalekale wa ku Persia, dziko limene lero timati Iran. Mulungu wawo amamutcha Ahura Mazda, ndipo m'nyumba zawo zopemphereramo amasunga moto wosazima monga chizindikiro cha chiyero. Chipembedzochi chinali cha mafumu a dzikolo mpaka ufumu wawo utagwa m'manja mwa asilikali Achiarabu, mfumu yomaliza, Yazdegerd III, n'kuphedwa mu 651. Kuyambira pamenepo eni dziko anasanduka alendo kwawo. Ankakhoma msonkho wapadera wotchedwa jizya, umene Msilamu sankakhoma. M'zaka za pambuyo pake analetsedwa kukwera kavalo, ankavala zovala zowasiyanitsa ndi ena, ndipo mwana amene wasiya chipembedzo cha makolo n'kulowa Chisilamu ndiye ankatenga chuma chonse cha masiye, abale ake n'kutsala manja lende. Lamulo limeneli ndi limene limandiwawa koposa, chifukwa linkalowetsa chidani m'nyumba, pakati pa ana a mimba imodzi.

Ambiri anatembenuka. Ena anaoloka nyanja kukafika ku Gujarat m'dziko la India, kumene amatchedwa Aparsi. Banja la Tata, limene malole ake mumawaona pamsewu wa M1, ndi la anthu amenewa. Otsala anadzipanikiza m'mizinda ya m'chipululu ya Yazd ndi Kerman. Abale awo a ku Bombay anatumiza Maneckji Limji Hataria mu 1854 kukawadandaulira kwa mfumu ya Persia, ndipo jizya inathetsedwa kwa iwo mu 1882.

Wina angawerenge izi n'kuyamba kuyang'ana ndi diso loipa mnansi wake amene amapita kumzikiti Lachisanu. Ameneyo sanamve nkhaniyi. Ambiri mwa amene ankatentha nkhokwe za Mboni anali anthu opita kutchalitchi, odziwa dzina la mwini nkhokweyo ndi la ana ake. Vuto limabadwa pamene mwini chigayo, kaya ndi wa mpingo uti kapena chipani chiti, wapatsidwa mphamvu yofunsa chimene munthu akukhulupirira asanamugayire, anthu a pamzere n'kungoyang'ana pansi.

Malamulo oyendetsera dziko lino a 1994, mu gawo 33, amapatsa aliyense ufulu wa chipembedzo. Komabe ana Achirasta ankabwezedwa m'sukulu za boma chifukwa cha tsitsi lawo mpaka khothi lalikulu ku Zomba litagamula mu 2023 kuti aziloledwa kuphunzira. Choncho nkhaniyi si yakale ayi. Ngati pakhomo panu pali agogo amene anaona za mu 1972, afunseni adakali moyo, ndipo ana akhale pomwepo akumva.