Mpheta Yachilendo

Ana inu, mukapita kusitolo kapena kuchigayo, tayang'anani pa denga la malata. Mudzaona timbalame tating'ono tikudumphadumpha ndi kulira kuti tsii, tsii. Imeneyo ndiyo mpheta ya m'nyumba. Yaimuna ili ndi banga lakuda pakhosi ndi msana wofiirira. Yaikazi ndi yotuwa, yopanda bangalo. Musaisokoneze ndi mpheta yakwathu ya mutu wotuwa, imene yaimuna ndi yaikazi zifanana.

Makolo athu akale sanaidziwe mbalame imeneyi, pakuti kwawo ndi ku Ulaya, ku Asia ndi kumpoto kwa Afrika. Cha m'ma 1900 anthu anabwera nazo pa sitima za pamadzi ku South Africa. Zina zinachokera ku India, ndipo zinakhazikika ku Durban. Zina zinachokera ku Ulaya. Za ku India zija ndizo zinaswana kwambiri. Pang'ono ndi pang'ono zinasendera kumpoto, kuchokera pa mudzi wina kunka pa mudzi wina. Zinalowa m'dziko la Zimbabwe m'zaka za m'ma 1950, ndipo kuno ku Malawi zinayamba kuoneka m'chaka cha 1967.

Kodi kambalame kotere kanatha bwanji ulendo wautali chomwechi? Chinsinsi chake ndi ichi: mpheta siikonda thengo, ikonda munthu. Pamene munthu amanga nyumba, iyo ipeza pomanga chisa, pansi pa malata kapena m'bowo la khoma. Pamene mayi apeta, iyo itola misere. Iikira mazira atatu, anayi kapena asanu, niwafungatira pafupifupi masabata awiri. Atapita masabata ena awiri kapena atatu, ana auluka, ndipo makolo ayambanso kuikira. Motero banja limodzi lichuluka msanga.

Mpheta ili ndi ubwino wake. Ana ake akali m'chisa iwadyetsa mbozi ndi tizilombo tina toononga mbewu. Koma ikakula chakudya chake chenicheni ndi njere. Chifukwa chake iba mpunga ndi mapira oyanikidwa pabwalo.

Anthu a dziko lina lakutali, la New Zealand, anaphunzira zimenezi mochedwa. M'zaka za m'ma 1860 anaitanitsa mpheta ku England kuti ziwathere mbozi m'minda. Mphetazo zinachuluka, ndipo zinagwa m'minda ya tirigu. Pamenepo alimi anayamba kulipira anyamata kuti azitola mazira ake, koma sanazithe ayi. Zilipo kufikira lero.

Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma mlendo uyu sanakamuke. Kumasula mbalame m'dziko lachilendo ndi ntchito ya tsiku limodzi, kuibweza sikutheka. Ndicho chifukwa chake masiku ano maboma aletsa kulowetsa nyama kapena mbewu zachilendo popanda chilolezo.

Tsono inu, mukatumidwa kulonda mpunga pamphasa, musachokepo. Ndipo poingitsa mphetazo, penyetsetsani pakhosi pake, kuti mudziwe ngati ndi mlendo kapena mwini mudzi.

Mafunso

1. Kodi mpheta ya m'nyumba yaimuna tiizindikira bwanji?
2. Inafika liti ku Malawi, ndipo inadzera kuti?
3. Chifukwa ninji siikhala kutali ndi anthu?
4. Anthu a ku New Zealand anayembekeza chiyani, nanga anapeza chiyani?