Wosamalira Paki Amene Anasonkhanitsa Oimba 800

Kwa zaka pafupi-fupi 50, anthu a mumzinda wa Honolulu anali ndi tsiku limodzi pa caka, kawiri-kawiri m'mwezi wa July, limene anali kunyamula mphasa ndi kamba wao kupita ku paki yochedwa Kapiolani kukamvera nyimbo. Pacipata panalibe wolipiritsa. Oimba ochuka anali kubweradi, koma cimene cinali kudzaza pakiyo cinali gulu la ophunzira, ambiri a iwo ana a sukulu, limene m'zaka zina linafika pa anthu 800. Panalinso ambuye a imvi, akalaliki a m'maofesi ndi amai a panyumba. Onsewa anali kuimba nyimbo imodzi pa nthawi imodzi, aliyense atakumbatira kacoimbira kochedwa ukulele.

Honolulu ndiwo mzinda waukulu wa Hawaii, zisumbu zimene ziri pakati pa nyanja ya mcere ya Pacific, ndipo ziri mbali ya dziko la America. Owerenga athu ambiri sanaonepo ukulele, koma aliyense amene anakulira pamudzi adziwa banjo imene anyamata amakhoma ndi cigubu ca mafuta, thabwa ndi waya wa mabuleki a njinga. Ukulele ndi mbale wace wa banjo imeneyo. Thupi lace ndi la mtengo, maonekedwe ace ndi a gitala, nsambo zace ndi zinai, ndipo kakang'ono kwambiri kamatalika masentimita 53 cabe. Nsambo za masiku ano ndi za nailoni, zosaceka zala za mwana. Munthu akadziwa poika zala m'njira zitatu, angathe kutsagana nazo nyimbo zambiri-mbiri. Gitala amafuna miyezi kuti munthu atulutse mau omveka, pamene ukulele amalola mlendo kulowa m'gulu sabata lomwelo.

Kacoimbiraka kanafika ku Hawaii ndi anthu ofuna nchito. Pa 23 August 1879 combo cochedwa Ravenscrag cinakoceza pa Honolulu citanyamula anthu oposa 400 ocokera ku Madeira, cisumbu ca Apwitikizi, amene analembedwa kukalima m'minda ya nzimbe. Anakhala pamadzi miyezi inai. M'katundu wao munali tizoimbira ta kwao, ndipo pasanapite masabata ambiri nyuzipepala ya kumeneko inalemba kuti alendowo anali kusangalatsa anthu poimba m'miseu usiku. Pakati pao panali amisiri a matabwa atatu, a Manuel Nunes, a José do Espírito Santo ndi a Augusto Dias. Atamaliza nchito ya m'minda, amisiriwa anayamba kusema zoimbira ndi mtengo wa kumeneko wochedwa koa, ndipo m'manja mwao ndimo munabadwira ukulele. Ambiri amamasulira dzinali kuti "utitiri wodumpha", cifukwa ca mmene zala zimalumphira pansambo. Mfumu Kalakaua, imene inalamulira kucokera mu 1874 kufika mu 1891, inakakonda kwambiri ndi kukalowetsa m'maphwando a kunyumba ya ufumu. Motero cinthu ca anchito a m'minda ya nzimbe cinasanduka ca mtundu wonse.

Koma kuchuka kuli ndi mtengo wace. M'zaka za m'ma 1950 mafakitale a ku America anapanga maukulele a pulasitiki mamiliyoni ambiri, ndipo anthu anayamba kukaona ngati coseweretsa ana kapena cogulitsa kwa alendo odzaona dziko. Pofika m'ma 1960 acinyamata anali atatembenukira ku magitala a magetsi. Ngakhale ku Hawaii komweko, wonyamula ukulele sanalinso kuwerengedwa ngati woimba weni-weni.

Apa ndi pamene pakulowera Bambo Roy Sakuma. Iwowa anabadwa mu 1947, ubwana wao unali wobvuta, ndipo sukulu ya sekondale sanaimalize. Ali ndi zaka 16 anayamba kuphunzira ukulele kwa katswiri wochedwa Herb Ohta, ndipo posakhalitsa anayamba kuthandiza kuphunzitsa ena. Nchito imene inali kuwadyetsa inali yosamalira paki ya Kapiolani, kuchecha udzu ndi kutola zinyalala. Pakiyo iri ndi nsanja ya oimba, ndipo a Sakuma poiona tsiku ndi tsiku anaganiza zoidzaza ndi oimba ukulele, kuti anthu amve ndi makutu ao cimene kacoimbira konyozekako kangacite. Akulu a mzinda anabvomera, ndipo cikondwerero coyamba cinacitika mu 1971. Mu 1974 iwo ndi akazi ao, Mai Kathy, anatsegula sukulu yao yophunzitsa ukulele, ndipo ophunzira a pasukuluyo ndiwo anakhala msana wa gulu lalikulu lija.

Tisabise: anthu mazana ambiri akaimbira pamodzi, ena atangophunzira miyezi yowerengeka, katswiri wa nyimbo sangasowe pokwinya nkhope. Wina acedwa, wina athamanga, wina nsambo yace yalefuka ndi dzuwa. Koma m'gulu lotere mwana amene aphonya sacita manyazi, cifukwa mau a anzace amamphimba, ndipo kholo limene lakhala pamphasa limaona mwana wace ali pa nsanja imodzi-modzi ndi akatswiri a dziko. Mwana wotere amabwerera kwao atatsimikiza kuphunzira nyimbo yaciwiri. Mmodzi wa ana amene anadzera m'sukulu ya a Sakuma ndi Jake Shimabukuro, amene anachuka pa dziko lonse mu 2006 pamene kanema wa kuimba kwace anafalikira pa intaneti. Komabe kwa mwana mmodzi wotere pali zikwi za ena amene sanagulitsepo nyimbo, ndipo iwowa ndiwo ofunika kwambiri m'nkhani ino.

Ndiwo amene amasunga mwambo umene Ahawaii amaucha kanikapila, ndiko kuti kukhala pansi pakhonde kapena pagombe, aliyense ndi coimbira cace, nyimbo nkumazungulira popanda wotsogolera weni-weni. Kumeneko mwana akakwanitsa caka cimodzi makolo amakonza phwando lalikulu, ndipo pa phwando lotere, paukwati, pa msonkhano wa chalichi, ngakhale potsazika womwalira, oimba amakhala amalume, azakhali ndi anansi. Timagulu tina timayendera zipatala ndi nyumba zosungirako okalamba. Malipiro ao ndi mbale ya cakudya.

Kuno kwathu mnyamata womangirira banjo kumsana amamva mau owawa: akuti ndi mlesi, akuti banjo siidzaza nkhokwe. Nthawi ya dzinja, pamene udzu ukupikisana ndi cimanga, makolo olankhula tero salakwa. Koma tikumbukire kuti kalindula, amene anagwedeza Zambia yense m'ma 1980, anayambira m'midzi ya ku Luapula pa mabanjo okhoma pamanja ndi babatoni. Cimene anyamata a ku Honolulu anapeza sicinali coimbira ca mtengo wapatali. Anapeza munthu wamkulu mmodzi wowaphunzitsa, ndi tsiku lodziwika pa caka limene mudzi wonse unali kukhala pansi kuwamvera.

Mliri wa Covid-19 utagwa mu 2020, khamu silinathenso kusonkhana m'paki, ndipo cikondwereroco cinayamba kuulutsidwa kuti anthu aonere ali kunyumba. Mu 2022 a Sakuma ndi akazi ao anacita cikondwerero ca 52, atalengeza kuti ndico comaliza. Caka cimeneco a Sakuma anali kukwanitsa zaka 75.