Kusamalira mwana wa bulu amene akubanika popuma

Bulu wamkazi amakhala ndi bere pafupifupi miyezi 12, ndipo mwana wobadwayo amafunika zaka zitatu kapena zinayi asanayambe kukoka ngolo. Choncho banja la ku Chiromo likataya mwana wa bulu limakhala litataya thukuta la zaka zingapo. Matenda a m'chifuwa ndi amodzi mwa amene amapha tiana timeneti, makamaka m'miyezi 6 yoyambirira.

Vuto lalikulu ndi lakuti bulu amabisa ululu. Satsokomola kawirikawiri, ndipo amatha kuima phee, matenda atafika kale m'mapapo. Komanso bulu amapuma ndi mphuno zokha, kotero mphuno zikatsekeka sangathe kupumira kukamwa monga zichitira ng'ombe. Woweta wanzeru amawerenga kapumidwe ka mwanayo m'mamawa akadali bwino, poyang'ana kukwera ndi kutsika kwa nthiti kwa mphindi imodzi, kuti tsiku limene zasintha azindikire msanga. Zizindikiro za ngozi ndi izi: kupuma mofulumira ali chiimire pamthunzi, mphuno zotambasuka, mamina okhuthala kapena mafinya, makutu ogwa, kusiya kuyamwa, ndi kutentha thupi kopitirira madigiri 39.

M'chigwa cha Shire matendawa amabwera ndi nyengo ziwiri. M'chilimwe, makamaka mu Okutobala ndi Novembala pamene kutentha kumapitirira madigiri 40, ndowe zouma za m'khola zimasanduka fumbi, ndipo tizilombo toyambitsa chibayo timalowa m'mapapo pamodzi ndi fumbilo. M'dzinja ngozi ndi madzi. Ubweya wa bulu umalowa madzi mosavuta, kotero mwana akagona pamatope atanyowa amazizidwa. Ruo ndi Shire zikasefukira, monga zinachitikira mu Januwale 2015 ndi pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ziweto zimaunjikana pamitunda yochepa ndipo matenda amafala msanga. Udzu ndi mapesi zimene zinanyowa zimachita chuku, chimene chimawononga mapapo. Njoka za m'mimba nazo zimabanikitsa, pakuti ana a njokazo amadutsa m'mapapo asanakhazikike m'matumbo.

Mwana akayamba kubanika, aikidwe pamthunzi podutsa mphepo yabwino pamodzi ndi make, kutali ndi abulu ena. Asathamangitsidwe, ndipo asatsatire make pangolo. Madzi oyera akhale pafupi, chakudya chiwazidwe madzi pang'ono n'kuikidwa pansi kuti mamina azituluka, ndipo mphuno zipukutidwe ndi kansalu konyowa. Ngati pansi pa chibwano patupa, chidebe chake chisagwiritsidwe ntchito ndi abulu ena, pakuti nthenda yotero imapatsirana.

Kuthira mankhwala m'mphuno kapena kumwetsa mwana mokakamiza mutu utapenyetsedwa kumwamba ndi koopsa, chifukwa madziwo amalowera m'mapapo n'kuyambitsa chibayo. Kufukiza utsi m'khola kumawonjezera kubanika. Mankhwala a ng'ombe ogula pamsika sayenera kubayidwa mongoganizira, popeza ena mwa iwo amapha bulu, ndipo mlingo umatengera kulemera kwa chiweto. Mlangizi wa ziweto, amene amapezeka kudzera ku ofesi ya zaulimi ya Makhanga, aitanidwe tsiku lomwelo, ndipo mankhwala amene walamula amalizidwe ngakhale mwana ataoneka kuti wachira.

Kupewa kumayamba pa tsiku lobadwa. Mwana ayamwe mkaka woyamba wachikasu uja m'maola oyambirira, chifukwa chitetezo chimene chili mu mkakawo chimalowa bwino m'thupi tsiku loyamba lokha. Khola limangidwe pamtunda, lifoleredwe, ndipo ndowe zichotsedwe tsiku ndi tsiku. Mvula isanayambe, oweta akumane ndi mlangizi kuti akonze za mankhwala a njoka ndi kugwirizana za malo ouma osamutsirako ziweto madzi akadzakwera.