Mvula ya ku Bembeke ndi NumPy

Nditangoyamba kuphunzira Python, ndinkafuna kulemba chilichonse ndekha. Ndinali ndi kope la manambala a mvula yomwe ndinkayeza kumunda kwa agogo ku Bembeke, komwe amalima mbatata ya kachewere. Mu Juni ndinakhala pansi kuti ndipeze avareji ya mwezi uliwonse. Ndinalemba mizere yambirimbiri, zala zitauma ndi chisanu cha ku Dedza.

Mnzanga atasuzumira anangoseka: "Iwe, ukusula khasu pomwe kumsika alipo mbwee?" Anandionetsa NumPy.

NumPy ndi laibulale, koma osati ya mabuku ayi. Ndi code yomwe ena analemba kale n'kuiyesa, inu mumangobwereka. Imeneyi ndi ya masamu, yaulere, ndipo Travis Oliphant anaitulutsa mu 2006. Mukalemba import numpy as np, kenako np.mean(mvula), basi, avareji yatuluka. Ngakhale asayansi omwe anaonetsa dziko chithunzi choyamba cha black hole mu 2019 anaigwiritsa ntchito.

Koma ndinapunthwabe. Mu Januwale ndinadwala malungo masiku 6 osayeza, ndiye ndinangolembapo 0. NumPy sinandifunse kanthu. Inatenga ngati kunali ng'amba, avareji n'kutsika. Ndikanawanamiza agogo! Tsiku losayeza limalembedwa np.nan, ndipo powerengera mumagwiritsa ntchito np.nanmean, yomwe imalilumpha tsikulo.

Mulibe laputopu? Pydroid 3 pa foni ya Android imakwana. Yambani ndi manambala 10 okha, muwawerengenso pamanja, muone ngati mayankho akufanana.