MADOKOTALA OPANDA NYELETI ATUMIDWA KUKAGWIRA NCHITO PAKATI PA ANTHU

Munthu akamva dzina lakuti dokotala, maganizo ake amathamangira ku cipatala, ku nyeleti ndi ku mankhwala. Koma alipo madokotala ena amene sanagwirepo nyeleti cibadwire. Awa ndi anthu amene anatsiriza maphunziro apamwamba koposa a pa yunivesiti, nalandira digiri yochedwa PhD. Pakati pao pali amene anazama m'maphunziro ofufuza za munthu ndi cikhalidwe cake, monga mbiri yakale, zinenero, ndakatulo ndi nthano, zipembedzo, nyimbo ndi magule, ndiponso nzeru za kaganizidwe. Pa Cingerezi maphunziro onsewa awaika m'nkhokwe imodzi nawacha humanities.

M'dziko la America munthu wofuna digiri imeneyi amatha zaka 6 kapena 7 alikufufuza nkhani imodzi. Kale njira ya munthu wotere inali yodziwika: akatsiriza, analembedwa nchito yophunzitsa pa yunivesiti ina, nakalamba pomwepo. Njira imeneyi inayamba kumera udzu. Bungwe la Modern Language Association, limene limalengeza malo a nchito a aphunzitsi a zinenero ndi zolemba, linalengeza malo oposa 1,800 a ophunzitsa Cingerezi m'caka ca maphunziro ca 2007 mpaka 2008. Kenaka cuma ca dzikolo cinagwedezeka mu 2008, ndipo patapita zaka 10 malowo anali atatsika kufika pa 800 ndi owerengeka. Madokotala atsopano sanaleke kutuluka caka ndi caka. Ambiri a iwo anasanduka aganyu, ophunzitsa kalasi imodzi kuno, ina uko, osadziwa ngati caka camawa adzaitanidwanso.

Pa nthawi yomweyo anthu wamba, ndi andale omwe, anali kufunsa funso lowawa: kodi maphunziro amenewa apindulira yani? Dokotala wa mbiri akalemba buku limene liwerengedwa ndi anzake makumi awiri okha, wokhoma msonkho apezapo ciani?

THANDIZO LA ZAKA ZIWIRI

Mabvuto awiriwa ndiwo anabala cimene cichedwa postdoctoral fellowship ya nchito za pakati pa anthu. Mau akuti fellowship atanthauza thandizo la ndalama ndi malo, lopatsidwa kwa wophunzira kwa nthawi yoikika kuti agwire nchito yodziwika. Ndipo postdoctoral ndiye kuti wolandirayo watsiriza kale udokotala wake posacedwa. Thandizo lotere linalipo kuyambira kale, koma colinga cake cinali cakuti mwini wake adzitsekere m'nyumba ya mabuku ndi kulemba. Cacilendo ndi ici, kuti tsopano wolandirayo auzidwa kutuluka.

Citsanzo codziwika bwino ndi ca bungwe la American Council of Learned Societies, lochedwa ACLS mwacidule, limene linakhazikitsidwa mu 1919 ndipo lisonkhanitsa mabungwe a akatswiri oposa 70. Mu 2011 bungweli, ndi ndalama zocokera ku Andrew W. Mellon Foundation ya ku New York, linayambitsa dongosolo la Public Fellows. Caka coyamba anasankhidwa anthu 8 okha; m'zaka zotsatira ciwerengero cinakwera kufika pafupi 20 pa caka.

Kayendetsedwe kake kanali kotere. Maofesi a Boma ndi mabungwe osafuna phindu anali kupempha kwa ACLS kuti apatsidwe dokotala mmodzi, nafotokoza nchito yeniyeni imene adzagwira. Madokotala atsopano anali kufunsira malowo monga momwe munthu afunsira nchito iriyonse, ndi kuyesedwa pamaso pa eni ofesi. Wopambana anakhala pamenepo zaka ziwiri, alikulandira malipiro ocokera ku thumba la Mellon pamodzi ndi thandizo la kucipatala, cimene ku America ndi cinthu cacikulu cifukwa kudwala kumeneko kumadya cuma ca banja lonse. Ena anatumizidwa ku unduna woona za maiko akunja, ena ku nyumba zosungiramo zakale za Smithsonian, ena ku bungwe la Human Rights Watch. Sanapite kukaphunzitsa ndakatulo. Anapita ndi luso limene udokotala umasula mwa munthu: kuwerenga mulu wa makalata ndi kupezamo mutu wa nkhani, kufunsa anthu mafunso oyenera, kusiyanitsa umboni ndi mphekesera, ndi kulemba zomveka.

Mu 2020, mliri wa Covid-19 utatseka makomo a mayunivesiti ambiri, ACLS inayambitsa dongosolo lina la mtundu womwewo lochedwa Leading Edge, limene linatenga malo a loyamba lija.

Pali mtundu winanso wa thandizoli, umene mayunivesiti amapereka okha. Apa dokotala akhala pa yunivesiti, aphunzitsa kalasi imodzi kapena awiri, koma alamulidwa kupalana ubwenzi ndi anthu a kunja kwa mpanda. Atenga ophunzira ake kukajambula mau a nkhalamba za m'komboni ina, kapena akonza cionetsero ca zithunzi pamodzi ndi nyumba ya mabuku ya m'tauni, kapenanso aphunzitsa akaidi m'ndende.

Kuphunzitsa kotere kuli ndi kholo lake. Mu 1995 mlembi wina, Earl Shorris, anatsegula kalasi ya madzulo ku New York ya anthu osauka, ambiri a iwo osatsiriza sukulu. Anawaphunzitsa nzeru za Plato, mbiri, zolemba ndi luso la zojambula, osalipiritsa kanthu, nawapatsanso mabuku ndi ndalama zoyendera. Nzeru imeneyi anaitola kwa mai wina amene anali m'ndende ya Bedford Hills, pamene iye anali kufufuza za umphawi. Kalasiyo, yochedwa Clemente Course, inafalikira m'mizinda yambiri, ndipo koleji ya Bard inabvomera kuwerengera maphunzirowo monga ciyambi ca digiri.

MLENDO NDI MAME

Akulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo mabungwe ambiri amene analandira madokotalawa anaona kuti mauwo ndi oona. Koma akulu omwewo anatinso mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Pamenepa ndi pamene pagona bvuto lalikulu la dongosolo lonseli.

Nchito ya pakati pa anthu simayenda ndi kalendala ya yunivesiti. Nkhalamba siiulula za kukhosi kwa munthu amene yamuona kawiri. Mpingo, bungwe la anchito kapena mtundu wa anthu umene unalandidwapo zinthu zake ndi ofufuza akale umayamba wamuyesa mlendoyo, kuona ngati abwera pa maliro, ngati asunga lonjezo, ngati abweza cithunzi cimene anabwereka. Zimenezi zitha kudya caka cathunthu. M'caka caciwiri dokotala uja mtima uli kale pa msewu, alikulemba makalata ofunsira nchito yina, pakuti adziwa tsiku limene malipiro ake adzaduka. Akacoka, matepi ndi zithunzi zitsala m'kompyuta ya yunivesiti, ndipo anthu aja ayambanso kufotokoza mbiri yao kucokera paciyambi kwa mlendo watsopano. Sikuti dokotalayo ndi woipa mtima; iyenso ali ndi lendi yolipira.

Bvuto laciwiri lamuyembekezera akabwerera ku yunivesiti. Okweza anthu pa nchito kumeneko anazolowera kuwerenga mabuku ndi nkhani zosindikizidwa m'magazini a akatswiri. Cionetsero cimene anthu zikwi anabwera kudzaona, kapena pulogaramu ya pa wailesi, kawirikawiri aziyesa zapambali, ngati ndiwo zoonjezera. Motero wacinyamata amene anamvera ciitano cotuluka apezeka ali m'mbuyo mwa mnzake amene anakhala phee m'nyumba ya mabuku. Mabungwe a akatswiri ayesa kukonza zimenezi: mu 2010 mabungwe atatu a odziwa mbiri ku America anatulutsa malangizo a momwe nchito yotere ingayesedwere pokweza munthu, ndipo Modern Language Association inatulutsa ake mu 2022. Koma malangizo si lamulo, ndipo yunivesiti iriyonse icita monga ifunira.

Ena amadandaula mwa njira yina. Iwo ati thandizo la zaka ziwiri ndi cigamba pa nsalu yong'ambika: lithandiza anthu 20 pamene ofuna nchito ndi mazanamazana, ndipo lipatsa mayunivesiti mpata wopitiriza kutulutsa madokotala amene iwo eni safuna kuwalemba nchito yokhazikika. Dandaulo limeneli liri ndi mano. Komabe sikoyenera kunyoza cigamba pamaso pa munthu amene cam'bisa msana.

Ndipo ndalama zake sizicokera pa citsime cosaphwa. Boma la America liri ndi thumba lake la maphunzirowa, National Endowment for the Humanities, lokhazikitsidwa mu 1965. M'mwezi wa April 2025 boma la Donald Trump linadula mwadzidzidzi ndalama zambiri zimene thumbali linali litalonjeza kale, kuphatikizapo za makhonsolo a m'zigawo amene amathandiza nyumba za mabuku ndi zosungiramo zakale za m'matauni ang'onoang'ono. Mellon inaponyapo madola 15 miliyoni kuti makhonsolowo asatseke, ndipo ACLS pamodzi ndi mabungwe ena awiri inakasuma ku khoti. Malo amene madokotala aja amatumizidwako ndi omwewa amene anagwedezeka.

KU AFRICA NJALA NDI YINA

ACLS inafikanso ku Africa. Mu 2008, ndi ndalama za Carnegie Corporation ya ku New York, inayambitsa African Humanities Program m'maiko asanu: Ghana, Nigeria, South Africa, Tanzania ndi Uganda. Zambia sinali m'gulumo. Cocititsa cidwi ndi cakuti thandizoli linayang'ana kwina. Dokotala wa ku Makerere kapena ku Ibadan kawirikawiri nchito anali nayo kale, koma anamira m'makalasi a ophunzira mazana ndi m'milu ya mapepala ocongedwa usiku. Cimene anasowa ndi nthawi. Motero thandizolo linam'masula ku coko ndi bolodi kwa caka cimodzi kuti atsirize buku, linam'patsa malo abata pa yunivesiti ya dziko lina la mu Africa, ndi kum'khazika pamodzi ndi akatswiri aakulu kuti apete zolemba zake. Anthu mazana anapindula, ndipo mabuku ambiri anasindikizidwa. Wa ku America anamutulutsa m'nyumba ya mabuku. Wa ku Africa anam'tsegulira citseko kuti alowemo.

Izi sizitanthauza kuti kuno mpata wa pakati pa yunivesiti ndi anthu kulibe. Mu 2018 kunamveka kuti bungwe la UNESCO lapereka madola oposa 300,000 ku University of Zambia kuti iyambitse digiri ya cuma ca cikhalidwe cosagwirika ndi manja, ndiko kuti miyambo, nyimbo, miyambi ndi magule onga Gule Wamkulu ndi Makishi, amene UNESCO inawalemekeza mu 2005. Nkhaniyi pofika pa msika ndi m'mabasi inali itasanduka yakuti yunivesiti iyamba kuphunzitsa ufiti, ndipo akulu a sukuluyo anacita kutuluka kukatsutsa.

Dziko lino lidziwanso bwino za madokotala acinyamata otumidwa kumidzi, pakuti linawalandira kale America asanaganize za Public Fellows. Bungwe la Rhodes-Livingstone Institute, lokhazikitsidwa mu 1937, limene lero ndi Institute of Economic and Social Research ya pa University of Zambia, linatumiza ofufuza m'zigawo zambiri. John Barnes anakhala pakati pa Angoni a Mpezeni, ndipo buku lake linatuluka mu 1954. Max Marwick analemba za Acewa, buku lake nkutuluka mu 1965. Mabukuwa ndi amtengo wapatali, koma analembedwa m'Cingerezi ca akatswiri, kotero kuti adzukulu a anthu amene anafotokoza nkhanizo ndi owerengeka amene anawaonapo. Nawonso othandiza aciAfrika, amene anamasulira, kufunsa mafunso ndi kulemba mibadwo ya mabanja, anakhala mumthunzi kufikira Lyn Schumaker atalemba za nchito yao mu 2001.

Mmodzi mwa alendo amenewo sanakamuke ndi dzuwa. Elizabeth Colson anafika mu 1946, atangolandira udokotala wake ku America, nayamba nchito pakati pa Atonga. Mu 1956 iye ndi Thayer Scudder anatsikira ku cigwa ca Gwembe kukalemba za moyo wa anthu madzi a Kariba asanamize midzi yao. Anthu pafupi 57,000 a mbali zonse ziwiri za Zambezi anasamutsidwa. Awiriwa anabwerera kwa mabanja omwewo kwa zaka zoposa 40, alikulemba za ana, adzukulu, minda, njala ndi milandu. Buku la Colson la mu 1971 lonena za zotsatira za kusamutsa anthu liwerengedwa kulikonse kumene boma lifuna kumanga damu lalikulu, ndipo Scudder anadzakhala mmodzi wa akulu a World Commission on Dams, imene inatulutsa lipoti lake mu 2000. Colson atapuma nchito pa yunivesiti ya California ku Berkeley anabwerera kudzakhala ku Monze, kumene anamwalira mu 2016 ali ndi zaka 99.