Kugula ndi Maso: Zimene Zithunzi za Malonda pa Foni Zimatichita

Pamsika munthu sagula ndi maso okha. Nsalu amayigwira, kuyikoka ndi kuyiyang'ana padzuwa. Nsapato amaziyesa, usipa amaununkhiza. Koma malonda ambiri tsopano asamukira pa foni: pa WhatsApp Status, m'magulu a pa Facebook, pa Instagram ndi pa TikTok. Kumeneko manja ndi mphuno zilibe ntchito. Zonse zimene wogula ankachita yekha zasiyidwa m'manja mwa chithunzi, ndipo chithunzicho wasankha ndi wogulitsa. Popeza makolo ndi ophunzira ambiri timayamba taona katundu pa foni tisanatumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, ndi bwino tidziwe mmene chithunzi chimagwirira ntchito m'mutu mwathu.

Mphamvu yake inaonekera bwino pa kampani ya ku America yotchedwa Airbnb, imene imalumikiza apaulendo ndi anthu amene ali ndi zipinda zogonamo alendo. M'chaka cha 2009 kampaniyi inali yaing'ono ndipo sinkakula. Awiri mwa eni ake, Brian Chesky ndi Joe Gebbia, ataunika zipinda za ku New York zimene zinali pa tsamba lawo, anapeza kuti zithunzi zake zinali zamdima ndi zojambulidwa mwachisawawa. Anabwereka kamera yabwino n'kuyenda nyumba ndi nyumba kukajambula okha. Zipinda zinali zomwezo, mabedi omwewo, koma malinga ndi zimene eni akewo amafotokoza, ndalama zolowa pa sabata zinawirikiza kawiri.

Chifukwa chake si chovuta kumvetsa. Diso limaona msanga kuposa mmene limawerengera. Chala chikamathamanga pa foni, chimene chimachiimitsa ndi chithunzi, ndipo mtengo ndi mawu ena timawawerenga mtima utakopeka kale. Komanso chithunzi chooneka bwino chimatipatsa chikhulupiriro mwa wogulitsa ngakhale sitikumudziwa: timaganiza kuti wosamala pojambula ndi wosamalanso pa katundu. Makampani akuluakulu amalidziwa bwino khalidwe lathuli. Amazon imalamula ogulitsa pa tsamba lake kuti chithunzi choyamba cha katundu chikhale choyera mbee kumbuyo kwake, ndipo katunduyo adzaze magawo 85 pa 100 alionse a chithunzicho. Ngakhale mawotchi ali ndi kajambulidwe kawo. Ophunzira, kafufuzeni nokha: mawotchi ambiri otsatsidwa amaloza mphindi 10 kupitirira 10 koloko, chifukwa mivi ikatero siphimba dzina la kampani ndipo imaoneka ngati pakamwa pomwetulira.

Nzeru yaikulu ya otsatsa malonda ndi yakuti sajambula katundu yekha, amajambula moyo umene wogula akuulakalaka. Nsapato sizikhala pa mphasa. Zimavalidwa ndi mnyamata wotsamira galimoto yonyezimira. Diresi amalivala mtsikana wamtali, woima pamalo owala bwino, ndipo kawirikawiri kumbuyo alikoka ndi zopanira kuti limukhale bwino. Wogula akamayang'ana amadziona yekha ali mmenemo, anzake akumuyamikira. Katundu akafika, galimoto ija palibe, kuwala kuja palibe, zopanira palibe. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kusiyana kwake n'kwakuti mkuyu munthu amatha kuung'amba asanaudye, pamene chithunzi sichingang'ambidwe.

Pali zinthu zimene chithunzi sichinganene ngakhale wojambula atakhala wachilungamo chotani. Sichinena kulemera kwa nsalu, kulimba kwa ulusi kapena fungo. Kukula nakonso chimabisa, chifukwa chikwama chojambulidwa pafupi chimadzaza foni yonse chimodzimodzi ndi sutikesi. Mtundu ndiye wovuta kwambiri. M'mwezi wa February 2015 dziko lonse linakangana pa chithunzi cha diresi lina la ku Britain: ena ankaliona loyera ndi lagolide, ena labuluu ndi lakuda, onse akuyang'ana chithunzi chimodzi. Diresi lenilenilo linali labuluu ndi lakuda. Kuwala kwa pamalo ojambulira, kamera, foni ya woonerayo ndi ubongo wake, chilichonse chimasinthako mtundu pang'ono. Amayi amene mumaitanitsa nsalu yofanana ya paukwati mutangoiona pa foni, ichi ndi chifukwa chake mabanja ena amakangana katundu akafika.

Zonsezi zimatayitsa ndalama. Choopsa koposa ndi zithunzi zokonzedwa pa kompyuta kapena ndi zosefera za pa foni, makamaka pa malonda a zodzola. Mu 2011 bungwe loyang'anira kutsatsa malonda ku Britain, Advertising Standards Authority, linaletsa zithunzi ziwiri za kampani ya L'Oréal, china cha Julia Roberts ndi china cha Christy Turlington, chifukwa nkhope zawo zinasalazidwa mopitirira muyeso. Ku France, kuyambira pa 1 October 2017, chithunzi cha malonda chimene thupi la munthu lachepetsedwa kapena kunenepetsedwa pa kompyuta chiyenera kukhala ndi mawu oulula zimenezo. Ngati makampani otchuka amafunika kuwagwira dzanja chonchi, nanga wogulitsa wa pa Status amene palibe akumuyang'anira?

Taonani zithunzi ziwiri zija zimene ogulitsa mafuta oyeretsa khungu amakonda kuika pamodzi, china cha "kale" china cha "tsopano". Choyamba chimajambulidwa mumdima, munthu atakwinya nkhope. Chachiwiri chimajambulidwa powala, akumwetulira, chosefera chitachotsa ziphuphu zonse. Ntchito imeneyi imatheka tsiku limodzi popanda kudzola kanthu. Mtsikana wa Folomu 2 amene waziona kakhumi pa sabata amayamba kuona khungu lake ngati vuto lofunika mankhwala. Pamene ena mwa mafuta oterewa amakhala ndi mercury, imene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limachenjeza kuti imawononga impso ndi mitsempha, ndipo ena amakhala ndi mankhwala amphamvu amene amapyapyalitsa khungu. Makolo, nkhani iyi si ya atsikana okha. Anyamata nawo akuonetsedwa zithunzi za matupi a minofu pofuna kuwagulitsa ufa ndi mapiritsi.

Kuona kakhumi kumene tatchulaku sikuchitika mwangozi. Facebook, Instagram ndi TikTok zimasunga mbiri ya zimene mwadina ndi zimene mwaimapo nthawi yaitali, kenako zimakubweretserani zofanana nazo. Chinthu chimene munthu wachiona kambirimbiri chimayamba kuoneka chodziwika, ndipo chodziwika sitichikayikira kwambiri.

Palinso ogulitsa amene katundu amene akuonetsa sanamugwirepo n'komwe. Amatenga zithunzi pa masamba a makampani akunja monga Shein kapena Alibaba, n'kulemba kuti katundu ali m'njira kuchokera ku China, ku Dar es Salaam kapena ku Joni, ndipo wofuna alipiriretu theka. Ena mwa iwo ndi oona mtima ndipo amabweretsadi chinthu chofananako. Ena akangolandira ndalama nambala imazima.

Kudziteteza sikufuna ukatswiri. Pemphani wogulitsa akutumizireni kanema wamfupi wa katundu weniweniyo, ali m'manja mwake, panja masana. Pa kukula, funsani masentimita, kapena aike chinthu chodziwika pambali pake monga bokosi la machesi. Amene ali ndi katunduyo sangavutike nazo. Wozengereza wakuuzani kale kanthu. Chithunzi chokongola mokayikitsa mungachiike pa Google Lens, imene imaonetsa masamba ena pamene chithunzicho chilipo. Mukachipeza pa masitolo khumi a mayiko osiyanasiyana, dziwani kuti sichinajambulidwe ku Limbe. Ndipo ophunzira amene mumathandiza makolo kutsatsa mandasi, zitenje kapena zovala za kaunjika, phunziro la Airbnb ndi lanunso: pukutani kamera, jambulani pa kuwala kwa m'mawa, kumbuyo kusakhale zinthu zambiri, ndipo pamene pang'ambika pajambuleninso, chifukwa kasitomala wa m'mudzi mwanu adzakupezani.

Mukapusitsidwa, madandaulo a malonda osocheretsa amalandiridwa ndi bungwe la Competition and Fair Trading Commission, ndipo Consumers Association of Malawi nayo imayankhulira ogula. Kulikonse kumene mungapite adzafuna umboni. Status ya pa WhatsApp imafufutika pakatha maola 24, choncho sungani chithunzi cha katunduyo, mtengo wake ndi uthenga wotsimikizira kuti mwalipira, tsiku lomwelo limene mwatumiza ndalama.