Vidiyo yanu isasanduke phala poisintha

Vidiyo ya chinkhoswe, ya kwaya kapena ya mpira wa m'mudzi imaoneka bwino kwambiri pafoni yomwe yaijambula. Koma ikangodutsa pa WhatsApp, n'kufika kwa anyamata obana nyimbo pamsika, kenako n'kukwezedwa pa Facebook, nkhope za anthu zimakhala zasanduka phala. Mkwatibwi uja simumuzindikiranso. Ndiye poti chinkhoswe sachita kawiri, ndati tikambirane chimene chimachitika m'katimo.

Choyamba, abale anzanga, mayina timawaona kumapeto kwa fayilo aja, MP4, MOV kapena MKV, si vidiyoyo ayi. Ndi zotengera chabe, ngati thumba kapena ndowa. Ufa weniweni ndi zithunzi ndi mawu zomwe zili m'katimo, zopanikizidwa ndi njira yotchedwa codec. Yofala kwambiri ndi H.264, yomwe inakhazikitsidwa mu 2003 ndipo pafupifupi foni ndi TV iliyonse imaiwerenga. Ina ndi H.265, kapena kuti HEVC, ya mu 2013, yomwe imadya malo ochepa. Mafoni a iPhone anayamba kujambula ndi HEVC mu 2017, n'chifukwa chake TV yakale nthawi zina imakana vidiyo ya pafulashi ngakhale ili yabwinobwino.

Tsono pali kusintha kwa mitundu iwiri. Kuthira ufa kuchoka m'thumba kupita m'ndowa sikuchotsa kanthu. Koma kuusefanso, wina amatsala pasefa. Mapulogalamu ambiri osinthira mavidiyo amasefa: amamasula zithunzi zonse, n'kuzipanikizanso, n'kutaya tina ndi tina tomwe akuganiza kuti diso silingaone. Kamodzi simungadziwe. Kachitatu, zili ngati fotokope ya fotokope. Ndipo zomwe zatayikazo palibe pulogalamu ingazibweze momwe zinalili.

Choncho funso langa loyamba limakhala lakuti: kodi chomwe chikukanidwa ndi chotengera kapena codec? Ngati n'chotengera, musasefe. Pakompyuta, pulogalamu yaulere ya FFmpeg imachita zimenezi ndi mzere umodzi: ffmpeg -i ukwati.mov -c copy ukwati.mp4. Mawu oti "-c copy" akuiuza kuti ingosamutsa, isakhudze kanthu. Imamaliza mwachangu ndipo vidiyo imatuluka momwe inalowera. Nthawi zinanso simufunika n'komwe kusintha. VLC imaonetsa MKV pafoni popanda vuto.

Ngati vuto ndi codec, kusefa n'kosapeweka, koma sefani kamodzi kokha, kuchokera ku fayilo yoyambirira. HandBrake, yaulerenso, ili ndi nambala yotchedwa RF. Nambalayo ikachepa, vidiyo imaoneka bwino koma imalemera. Pa vidiyo ya 1080p, eni pulogalamuyo amalangiza pakati pa 20 ndi 24. Kukula kwa chithunzi kusiyeni momwe kulili. Kukweza 720p kuti ikhale 4K n'kuthira madzi m'ndiwo: mphika wadzaza, koma nyama ndi yomwe ija. Ngati munajambula zithunzi 30 pa sekondi, zikhale 30 zomwezo. Mawu nawo, ngati ali kale mu AAC, auzeni angodutsa osakhudzidwa.

Za mawebusaiti osinthira mavidiyo, ine sindiwalimbikitsa. Bando imapita pokweza, imapitanso potsitsa, ndipo vidiyo ya banja lanu mwaipereka kwa anthu osawadziwa.

Nanga potumiza? Apa ndi pomwe ambiri timaluza. WhatsApp imapanikiza vidiyo iliyonse yotumizidwa mwachizolowezi, ngakhale mutasankha HD. Koma mukaitumiza ngati Document, imafika yosakhudzidwa, mpaka 2GB. Inde, bando ilira, ndiye ngati mnzanuyo ali pafupi gwiritsani ntchito kebulo, fulashi kapena Quick Share. A iPhone, lowani mu Settings, Camera, Formats, musankhe Most Compatible musanajambule. Foni izijambula ndi H.264 ndipo zosinthasinthazi zichepa, kungoti malo adyeka ambiri.

Ndikudziwa, foni ikadzaza chala chimathamangira kufufuta mafayilo akuluakulu poganiza kuti "ili kale pa gulu la banja". Imene ili pagulu ija ndi yosefedwa. Musanafufute, samutsani yoyambirira pamemori khadi kapena pakompyuta, makamaka malo awiri. Ana anu akadzafuna kuona agogo awo akuvina paukwati uja, adzafuna kuona nkhope.